Galimoto Yopendekeka ya ku Wimbe

Kodi galimoto yopanda katundu ingalemedwe ndi chiyani? Funso limeneli Goodwin anawafunsa madalaivala anzake pa siteji ya Chamama, anawafunsa apongozi ake, anamufunsanso mkulu wina amene anakalambira pa mathirakitala, koma aliyense ankangoizungulira galimotoyo, kusuzumira kunsi kwake, n'kudzuka akupukusa mutu.

Inali pikapu yoyera yakalekale, yamphamvu matayala onse anayi, ija imatuluka m'matope a mu Febuluwale zinzake zitatitimira. Goodwin anaigula itatopa kale ndi ntchito za m'maesiteti, ndipo ndiyo inkadyetsa banja lake ku Wimbe. Nyengo ya fodya inkanyamula mabelo, nyengo zina inkanyamula anthu, mbuzi, malata, chilichonse chimene chapezeka. Ankaisamala ngati munthu wodwaladwala. Loweruka lililonse ankayala chiguduli pansi n'kugona chagada kunsi kwake ndi sipanala ndi chitini cha girizi, kumanga mabawuti onse amene mabampu a msewu wafumbi anawamasula. Mkazi wake Faustina ankaitcha "mkazi mnzanga". Mwana wawo mmodzi yekhayo, Chisangalalo, mtsikana wa zaka zinayi amene onse ankangomuti Chisa, sankalola kugona asanamve injini yake ikulowa pabwalo.

Anayamba kuona ndi Faustina, m'mawa wina wozizira wa mu Juni, akusesa.

"Bambo a Chisa, mkazi mnzangayu wagona bwanji lero? Akuoneka ngati wathyoka chiuno."

Goodwin anatuluka mswachi uli kukamwa. Galimoto inali itapendekekera kumanzere, chakumbuyo. Sikunali kupendekeka kwakukulu, koma diso la mwini wake silikanalephera kukuona. Anaganiza za tayala. Analiponda, anayeza mpweya, n'kupeza kuti ndi wokwanira. Anaganiza za bwalo, poti mvula inalikokolola mbali imodzi, ndiye anaisuntha n'kukaiimika pa simenti ya pachigayo pomwe m'posalala. Anathyola phesi la chimanga n'kuyeza kuchokera pansi kufika pa madigadi a pamwamba pa matayala, kumanja kenako kumanzere. Kumanzere kunali kotsika ndi zala ziwiri. Anakwera kumbuyo. Munalibe kanthu, kupatula chingwe ndi zinyenyeswa za fodya m'makona.

"Ndi sipuling'i yatopa," anatero atabwerera kunyumba. "Zaukalamba."

Madzulo a tsikulo, atadya, mwana atagona, anamva chitsulo chikulira panja. Goodwin ankadziwa malilidwe onse a galimoto yake. Ankadziwa kuthetheka kwa injini ikamazizira, ankadziwa kunjenjemera kwa chitseko chakumbuyo mphepo ikawomba. Uku kunali kulira kwina. Kunali kuja amalira masipuling'i pamene munthu amene wakhala nthawi yaitali kumbuyo akusuntha thako kuti mwendo usachite dzanzi: kwiii, pang'onopang'ono, kenako zii.

"Ndi galu wakwera," ananong'ona Faustina.

"Galu sitili naye."

"Wa eni ake."

Goodwin anatuluka ndi tochi ya pafoni. Mwezi kunalibe. Zigafa zoyanikamo fodya, zomwe tsopano zinali zopanda kanthu, zinangoima mumdimamo ngati nthiti za nyama yakufa, ndipo kutali cha kudambo kunkamveka achule ochepa amene anatsalira m'zithaphwi. Anaunika kunsi, anaunika kutsogolo, anaunika kumbuyo. Kunalibe galu. Mame anali atagwa kale, ndipo bodi yonse inkanyezimira ndi timadontho. Malo amodzi okha ndiwo anali ouma: pakona yakumanzere, kuseri kwa tayala, kachigawo kokwanira munthu atakhala pansi n'kutsamira. Goodwin anaikapo chikhatho. Sipanali pofunda, sipanalinso pozizira. Anachotsa dzanja n'kulowa m'nyumba.

"Anali galu," anamuuza mkazi wake.

M'mawa anapita nayo kwa Haidari, makaniko wa pa Chamama, amene galaja yake ili pansi pa mtengo wa bulugamu kuseri kwa sitolo ya mkulu wake.

"Wabwera nayenso gogoyu?" anatero Haidari asanapereke n'komwe moni. "Ine ndinakuuza kuti umupumitse, nkhuku ziziikiramo mazira."

"Gogo yemweyu ndiye amakudyetsa iwe. Taona kumbuyoku."

Haidari anatsamira pakona ndi thupi lonse, anadina, n'kusiya. Galimoto inadumphadumpha ngati bedi lakale isanakhale bata.

"Shoko yafa iyi. Galimoto yamoyo ukaidina imadzuka kamodzi basi n'kukhala chete."

Analowa kunsi. Shokoyo inalidi yonyowa ndi mafuta amene fumbi linamatirirapo. Mabushi, timphira tija timakhala m'maso mwa sipuling'i, anali atadyeka mpaka chitsulo chinkakhudza chitsulo chinzake. Pa zitsulo zosanjikizana za sipuling'iyo, chimodzi chinali ndi mng'alu wadzimbiri. Haidari ankatchula zonsezi ali kunsi komweko, chimodzichimodzi, ndipo chilichonse chimene ankatchula chinkaupepuza mtima wa Goodwin. Zinali zinthu zogwirika, zomasula ndi sipanala.

"Paliponse ndikagwira pakumupweteka," anatero Haidari. "Iwe umanyamula mabelo kapena njovu?"

Anagwira ntchito mpaka dzuwa litapendeka. Anaika shoko ina, mabushi atsopano, ndi chitsulo china m'malo mwa chong'alukacho. Atatsitsa jeke, galimoto inaima chilili. Goodwin anayeza ndi phesi lake lija, ndipo mbali zonse zinali zofanana. Haidari anayamba kupukuta m'manja, akunyoza timu ya mpira imene Goodwin amaikonda. Mawu ali m'kamwa, sipuling'i inalira. Onse awiri anacheuka, ndipo anaona ndi maso awo kona yakumanzere ikutsika, mosathamanga, ngati munthu amene anapatuka kuti amisiri agwire ntchito tsopano wabwerera pamalo pake.

Haidari sanamalize za mpira zija.

"Mawa ubwerenso," anatero. "Tidzasinthanitse. Yakumanzere ipite kumanja, yakumanja ibwere kumanzere. Ngati vuto ndi sipuling'i, kupendekekaku kusamukira kumanja. Kukapanda kusamuka, ndiye kuti chesesi inapindika."

Anasinthanitsadi, ntchito ya tsiku lonse, mabawuti adzimbiri akuchita kuwawotcha kuti amasuke. Kupendekeka kunatsala kumanzere. Haidari anatenga chingwe n'kuyeza chesesi, chimango chachitsulo cha kunsi kwa galimoto, mopingasa, kona ndi kona, kenako mbali inayo. Inali yowongoka. Anakhala pa tayala lakutha akuyang'ana galimotoyo. Kenako anadzuka, analowa m'sitolo ya mkulu wake, n'kutuluka atasenza thumba la feteleza. Analiika kumbuyo pakona yakumanja. Anayeza. Kunatsala pang'ono. Anawonjezerapo jeke ndi masipanala, ndipo galimoto inafanana mbali zonse.

"Thumba limodzi ndi kapamwamba," anatero chapansipansi. "Munthu wamkulu, koma woonda." Anayang'ana Goodwin. "Achimwene, inu munanyamula chiyani m'galimotomu?"

Aka kanali koyamba kuti Haidari amutchule kuti inu.

Sichinali chinsinsi. Anthu ambiri a ku Wimbe ankadziwa kuti kumayambiriro kwa mwezi womwewo Goodwin ananyamula maliro. Pa esiteti ina yapafupi panamwalira tenanti, bambo wachikulire wokhala yekha amene anzake ankangomutcha a Chipewa chifukwa sankavula chisoti chake ngakhale podya. Anamupeza m'mawa m'chigafa atakhala chotsamira nsanamira. Wachibale panalibe. Kapitawo wa pa esitetiyo, a Lemani, anaitana Goodwin kuti akatule thupilo ku mochale ya chipatala cha paboma, kuti akuluakulu akaone chochita.

Analikulunga mumphasa n'kuligoneka kumbuyo. Anamangirira masamba kutsogolo monga mwa mwambo wa galimoto ya maliro. Koma Goodwin atapotokola kiyi, injini inangoti kete, osalira. Anayesanso. Anatsegula boneti, anagwedeza mawaya, anayesanso, koma ayi. Dzuwa linkakwera, ndipo mabelo a mlimi wina ankamudikira kuti akawasiye kudepoti tsiku lomwelo.

Mayi wina wachikulire, mkazi wa tenanti, ndiye anayankhula. "Akukana awa. Munthu sanyamulidwa ngati belo. Muwauze kumene mukupita nawo."

Onse anayang'ana a Lemani, a Lemani anayang'ana pansi. Ndani akanamuuza munthu kuti tikukakusiyani m'chipinda chozizira pakati pa alendo? Goodwin ndiye anali pachangu. Anapita kumbuyo, anagogoda bodi ndi chikhatho monga amachitira ndi okwera ochedwa, n'kunena mokweza kuti onse amve:

"Madala, tiyeni. Ine ndikakutulani kwanu."

Anakhala pampando, anapotokola kiyi, injini inalira. Anthu ena anaseka pang'ono, mayi uja sanaseke. Goodwin mumtima anati ndi waya wa batire unali wosagwira bwino. Ku mochale anyamata anatsitsa thupi, iye anataya masamba aja m'ngalande n'kuthamangira mabelo.

Haidari anamvetsera zonsezi akupukuta sipanala imodzi yomweyo.

"Munati kwawo?"

"Ndinangonena kuti tinyamuke."

"Eya. Koma munati kwawo." Anaika sipanala m'bokosi n'kutseka. "Ine ndimakonza zitsulo, achimwene. Kunsi kwa galimotoyi kulibenso chimene sindinagwire." Anatenga kabotolo ka madzi n'kulowera kumzikiti, ngakhale kuti nthawi yoswali inali isanakwane.

Nkhani inafalikira. Pa Chamama amayi ogulitsa tomato ankati Goodwin anakhwimira galimoto, anaikamo ndondocha yomukokera makasitomala. Ena ankati ayi, ndi mwini wake woyamba wa galimotoyo amene akuilondola. Dalaivala wina wa lole analumbira kuti tsiku lina chakumadzulo ankayenda pambuyo pake, ndipo nyali zake zitawala anaona munthu atakhala pakona, mawondo ali m'mwamba, koma atayandikira munalibe aliyense. Okwera anayamba kuchepa. Amene ankakwerabe, poti ku Wimbe galimoto n'zosowa, ankathithikana kumanja, mwendo pa mwendo, kusiya kona ija yopanda munthu. Ngakhale mbuzi ukaimangirira pamenepo inkakoka chingwe mpaka kutsala pang'ono kudzipotokola khosi.

Ndipo madzulo aliwonse kukangoda, kulira kuja kunkabwera. Sikunkakula, sikunkasintha. Kwiii, kenako zii kwa nthawi yaitali, kenako kwiii. Kunalibe ukali m'kulirako. Kunali kwa munthu wodekha amene akudikira dalaivala.

Bambo ake a Faustina, a Cornelius, anabwera kuchokera ku Njombwa pa njinga. Analamula kuti galimoto itsukidwe yonse, mkati ndi kunja, zimene zinayenera kuchitika tsiku la maliro lomwe lija. Kenako anavula chipewa chawo, ananjuta kumbuyo kwa galimoto, anaomba m'manja mofatsa.

"Inu a Chipewa, pepani. Mwanayu analakwitsa pakamwa. Ulendo unatha. Tsikani, mupumule."

Anadikira. Madzi ankadontha kuchokera kubodi. Galimoto sinasunthe.

"Sangamve," anatero a Cornelius akudzuka, atagwira bondo. "Limenelo si dzina, n'lowapatsa anyamata. Munthu wamkulu umamuitana ndi dzina lake ndi mfunda wake. Komanso inu apongozi simunawauze kuti tikafika penapake mutsike. Munati kwawo. Ndiye kwawoko n'kuti?"

Akuluakulu a mpingo anabweranso, anaimba, anapemphera ataika manja pa boneti. Atachoka, Goodwin anayeza ndi phesi. Zala ziwiri.

Anapita ku esiteti kuja. Nyengo inali itatha, matenanti anali atalandira zawo n'kubalalika, ndipo tinyumba tawo taudzu tinali totsegula, mbuzi zikulowa n'kutuluka. A Lemani anawapeza akuyang'anira anyamata ogumula zigafa.

"Dzina lawo? Aa, tonse tinkangoti a Chipewa. Iwonso ankavomera."

"Nanga kwawo?"

"Kummwera."

"Kummwera kuti, akapitawo? Kummwera n'kwakukulu."

"Ena ankati ku Mulanje, ena ku Machinga. Wina anandiuza kuti anachokera kutsidya, ku Mozambiki. Kuno sanabwere ndi lole ya kwawo ayi, anachokera pa esiteti ina, kumenekonso anachokera pa ina. Anthu amenewa akalephera chaka chimodzi amachita manyazi kubwerera chimanjamanja, ndiye amangosuntha, kusuntha, mpaka kwawo kuwaiwala." A Lemani anamuuzako tina ndi tina timene ankakumbukira za bamboyo, koma dzina munalibe.

Ku mochale anamuuza kuti thupilo linadikira abale mpaka nthawi inakwana, ndipo linaikidwa limodzi ndi ena osadziwika, kumanda kopanda mitanda. Amene anakumba sakanatha kuloza kuti ndi pati.

Goodwin anaganiza zoigulitsa galimotoyo kutali, ku Mzimba kapena ku Mchinji, kwa munthu wosadziwa. Anamuuza Faustina ali pamphasa madzulo, monong'ona, ngati kuti panja pali wina amene angamve.

"Ndiye tidya chiyani?" anafunsa Faustina.

"Tidzaona."

"Nanga wogulayo alibe ana?"

Panja sipuling'i inalira.

Mawa lake Chisa, akudya phala pakhonde, anafunsa amayi ake: "Amayi, agogo ajawa bwanji salowa m'nyumba? Kunja kumazizira."

Faustina anagwetsa chikombe. Anamugwira mwanayo mapewa n'kumuuza kuti asadzayandikirenso galimoto, asadzayang'anenso kumeneko, kulibe agogo alionse. Chisa anangoti "Eya," koma nkhope yake inali yodabwa. Ndi amayi ake omwewo amene anakhala akumuphunzitsa tsiku ndi tsiku kuti mlendo sasiyidwa panja. Mlendo akafika uzithamanga, ugwade, umulandire katundu ndi manja awiri, umulowetse. Faustina ankanyadira kuti mwana wake wamng'ono chonchi amadziwa kale zimenezi, ndipo alendo ochokera ku mpingo ankamuyamikira.

Mwanayo anamusunga m'nyumba ndithu. Goodwin anayamba kuimika galimoto kuseri kwa nkhokwe, kumene mwana sakanaiona ali pakhomo. Koma mwana sungamuyang'anire nthawi zonse. Tsiku lina dzuwa litangolowa, kunja kuli kachisisira, Faustina anathamangira kumjigo poti madzi anatha, ndipo Goodwin anali kubafa, sopo ali kumaso. Ali momwemo anamva mawu a mwana wake, aang'ono, aulemu, aja amayankhulira pamaso pa akuluakulu.

"Takulandirani. Bweretsani katunduyo."

Kenako sipuling'i inalira. Goodwin anakhala akumva kulira kumeneku kwa milungu yambiri, koma ulendo uno kunali kosiyana, ndipo anakuzindikira nthawi yomweyo, poti anakumvapo kambirimbiri pa siteji. Kunali kulira kwa galimoto imene ikudzuka munthu akatsika.

Anatuluka atangodzikulunga thawulo. Chisa ankachokera kuseri kwa nkhokwe kulunjika kukhomo, manja ali patsogolo ngati wanyamula chinthu, akuyenda timasitepe tating'ono. Phewa lake lamanzere linali lotsika. Goodwin anamuthamangira n'kumunyamula, ndipo msana wake unachita kulira. Mwana amene m'mawa womwewo anamuponya m'mwamba ndi kumuwakha, tsopano anachita kumukweza ngati thumba lonyowa.

"Atopa, ababa," anatero Chisa. "Akuti mwachedwa."

Usiku umenewo panja panali zii. Goodwin ndi Faustina anakhala pansi pafupi ndi mphasa ya mwana, nyali ili chiyakire, akumvetsera kupuma kwake. M'mawa Goodwin anatenga phesi lija n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Galimoto inali chilili, mbali zonse zofanana, mame atagwa bodi yonse osasiya malo. Analithyola phesilo n'kulitaya.

Kuyambira pamenepo Chisa anayamba kuyenda chopendekeka. Anasiya kusewera ndi anzake. Ankakhala pakona ya chipinda atatsamira khoma, mawondo ali m'mwamba, maso ali kukhomo, ndipo nthawi ndi nthawi ankasuntha pang'ono ngati mwendo wachita dzanzi. Chakudya ankangotola. Faustina akamubereka, nsalu inkamudula phewa lamanzere mpaka kusiya mzere, ndipo ulendo wa kumjigo wokha ankapuma kangapo panjira. Koma atapita naye kusikelo, mlangizi wa zaumoyo anati mwanayu akupepuka, mukumudyetsa chiyani?

"Tamunyamulani nokha muone," anatero Faustina.

Mlangiziyo anamunyamula, anamutsitsa msanga, anayang'ana sikelo yake, n'kuwauza kuti apite kuchipatala.

Goodwin sanali munthu wothamangira zamizimu. Anafika fomu folo, ankadziwa kuti pali matenda a msana, a mafupa, a m'magazi, ndipo ankapemphera kuti akhale amodzi mwa amenewo. Kuchipatala anayeza malungo, sanawapeze. Anayeza magazi, anati ali bwino. Anawatumiza ku Lilongwe, kumene anajambula msana wa mwanayo n'kuuika pa nyali kuti makolo aone. Unali wowongoka. Dokotala, mayi wachifundo ndithu, anawapatsa mankhwala owonjezera mphamvu ndi chiponde, n'kuwauza kuti abwerenso zikapanda kusintha. Goodwin anayang'ana chithunzi chija ndipo anakumbukira chingwe cha Haidari pa chesesi.

Pa maulendo amenewa ndi pamene anaona china. Chisa akakhala pamiyendo pa amayi ake kutsogolo, galimoto inkapendekekera kumanzere chakutsogolo, ndipo chiwongolero chinkakokera kumbali moti Goodwin ankafika manja atatopa. Koma galimoto ikamayenda, mwanayo ankatsitsimuka. Ankadzutsa mutu, maso ali pamsewu, ankalandira nthochi n'kudya yonse, n'kupempha ina. Akangoima, kaya pa rodibuloko, kaya pothira mafuta, ankasuzumira pawindo, kuyang'ana uku ndi uku, n'kubwerera pachifuwa pa amayi ake.

"Si pano," ankatero.

Sanali mawu a nkhalamba. Anali mawu ake enieni a Chisa, aja ankapemphera nawo shuga. Chimenecho ndicho chinkamupweteka kwambiri Faustina.

"Mwanawe, si pano pati?"

"Si pano, amayi."

Mu Seputembala Goodwin anamanga mabawuti onse, anathira girizi, anasintha oyilo, n'kunyamula mkazi ndi mwana kulowera kummwera. Analibe dzina la mudzi, analibe dzina la munthu. Ankangoti mwina a Chipewa akaona kwawo akazindikira. Anadutsa Dedza, Ntcheu, Balaka. Anapatukira m'misewu yafumbi ya ku Machinga, anaima m'misika, pa zigayo, pa milatho, kufunsa ngati kuli banja limene bambo wake anapita ku fodya osabwerako. Pafupifupi mudzi uliwonse unali nalo banja lotero, midzi ina awiri, ina atatu. Amayi okalamba ankabwera kudzasuzumira m'galimoto, akutchula mayina a amuna awo ndi a alongo awo, ndipo Goodwin ankabwereza dzina lililonse mokweza, n'kuwonjezera kuti tafika, tsikani. Chisa ankayang'ana nyumbazo, mitengo, nkhope za amayiwo.

"Si pano."

Anafika mpaka ku Phalombe, anazungulira kuseri kwa phiri la Mulanje, anagona m'galimoto momwemo. Anabwerera ndalama za mafuta ndi mphamvu zitawathera. Atalowa pabwalo lawo ku Wimbe, Goodwin anazimitsa injini n'kukhala atagwira chiwongolero. Mwana anadzutsa mutu, anayang'ana nyumba imene anabadwiramo, khonde limene ankadyerapo phala, mtengo wa mango umene ankasewera pansi pake.

"Si pano," anatero.

Faustina anatsegula chitseko n'kukalirira kuseri kwa nyumba kuti mwana asamuone.

Tsopano kwatentha, anthu akuthirira nazale za fodya kudambo, ndipo malole ayambanso kubwera ndi matenanti atsopano. Goodwin amawadikira pa Chamama. Lole ikangoima amapita kukafunsa mmodzimmodzi, ndipo ena amamuyesa wamisala. Galimoto yake sinakhalepo bwino ngati mmene ilili panopa. Kunsi kwake zonse n'zatsopano, pa mabampu siigogoda, ukaidina imadzuka kamodzi n'kukhala chete. Okwera anabwerera, ndipo amakhala paliponse. Chisa anasiya kuyenda. Amadya pokhapokha galimoto ikuyenda, ndiye madzulo aliwonse bambo ake amamuika kutsogolo n'kumazungulira naye msewu wa kuchigayo, kupita n'kubwera, amayi ake akumupatsa phala ndi supuni, mpaka mbale ithe kapena mwana agone. Miyendo yake yatsala ngati timitengo. Kumunyamula kuchokera pakhomo kukafika pagalimoto amachita kuthandizana anthu awiri.

Zimene a Lemani anakumbukira ndi izi. Anali bambo wamtali, woonda, wa imvi za apo ndi apo. Mano awiri akutsogolo a m'munsi analibe. Ankasoka fodya ndi dzanja lamanzere, ndipo chala chake chaching'ono cha dzanja limenelo chinali chopindika, akuti chinathyoka ali mnyamata. Nyama ya nkhumba sankadya, koma kumzikiti sankapita. Tsiku lina atamwa pang'ono ananena kuti kwawo ukaima pakhomo umaona mapiri awiri, lalikulu ndi laling'ono, ndipo kuti anasiya mwana wamkazi akuyamwa, dzina lake Olive, amene panopa ayenera kuti ali ndi ana akeake.

Ngati kwanu kuli bambo wotere amene anapita ku fodya ku Kasungu osabwerako, kapena munamvapo mayi wina dzina lake Olive akunena za bambo ake amene sanawaonepo, chonde musangokhala nazo. Tumizani uthenga pa Chamama, pa galaja ya Haidari kuseri kwa sitolo, iye akamupeza Goodwin. Munene dzina la bamboyo, mfunda wake, mudzi wake, ndi msewu wolowera kumeneko. Ngakhale mukukayika, nenanibe. Chitani msanga, mvula isanatseke njira.